Pothera Mthunzi wa Mapeyala

A Dominiko a ku Kaphuka, mkulu wosamva za mnzake, analumbira mudzi wonse ukumva kuti timitengo tawo ta mapeyala tiyamba kubereka, ta mai Flossie a munda woyandikana nawo tisanachite n'komwe maluwa. Tsono anatuma mkamwini wawo Alufeo, munthu wochita chinthu ndendende monga wachimvera, kukathira manyowa onse a m'khola la mbuzi, koma mkuluyo atapita kukaona anapeza pansi pa mitengo yake palibe kanthu.

"Akamwini, manyowa aja ali kuti?"

"Ndathira, bambo. Pothera mthunzi, monga munanenera."

"Nanga bwanji sindikuwaona?"

Alufeo analoza kutsidya kwa malire. "Mthunzi unathera uko, patsinde pa mitengo ya mai Flossie."

"Mayo ine! Munathira nthawi yanji?"

"Dzuwa likungosuzumira paphiri. Paja mumati waulesi sadya mapeyala."

"Ndiye mpaka kuoloka malire?"

"Unayamba ndi mthunzi kuoloka. Ine ndimangoutsata."

"Khola lonse? Chaka chathunthu mbuzi zanga zikugwirira ntchito Flossie?"

"Athokoza kwambiri. Afotsera kale, athiriranso madzi."

A Dominiko anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. Mtima unawapweteka zedi, poti ankamva kale mudzi ukuwaseka.

"Iyayi! Ngakhale mwana amadziwa kuti mthunzi timayesa masana, dzuwa lili pamutu! Mizu imalekeza pamenepo!"

"Za masana simunanene."

"Ndinanena!"

"Munanena za mthunzi, kenaka munatsokomola."

"Kutsokomolako ndiye anali masanawo!"

Alufeo anakanda kumutu. "Ohoo. Ndiye ndithamange ndikawauze mai Flossie, angalakwitse."

"Alakwitse chiyani?"

"Alikonda lamulo lanu. Akuti nawonso athira pothera mthunzi, ngolo yodzaza manyowa a ng'ombe. Kungoti m'mawa amakumba mbatatesi, ndiye athira madzulo ano."

A Dominiko anayang'ana dzuwa, linali litapendeka. Anayang'ananso mithunzi ya mitengo ya mai Flossie ikukwawa pang'onopang'ono, yaoloka malire, yalunjika patsinde penipeni pa timitengo tawo. Anatola chipewa chija n'kuchisasa fumbi.

Apo n'kuti Alufeo atauyamba kale ulendo. "Mai Flossie! Akuti dikirani masa..."

Mkuluyo anamumbwandira malaya, ulemu wa chipongozi ataiwala.

"Akamwini, takhalani pansi. Masana ati? Ine ndinangotsokomola."