Chifukwa Chake AnyaKondowe Ankayang'ana Kum'mawa

Malemu mayi Eunice Katsekera, amene kuno timangowatcha anyaKondowe, anabadwa pa 9 Ogasiti 1964 ku Sangilo, m'banja la asodzi. Iwo anali achisamba, ndipo ine ndaima panoyu, Golden Kondowe, ndine mlongo wawo wotsiriza kubadwa. Mafumu, alangizi, aphunzitsi ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, mundipirire pamene ndikuwerenga mbiri iyi m'Chichewa changa chopindikachi. Pabwera alamu athu a ku Ntcheu, ndipo banja lagwirizana kuti pasapezeke munthu wobwerera kwawo akunena kuti sanamve.

Sukulu anayamba mu 1971 konko ku Sangilo. Mu 1979 anakhoza Sitandade 8, koma chaka chomwecho mayi athu anatisiya, ndipo makope anawaika pansi kuti alere ife ang'onoang'ono. Ine ndinakulira kumsana kwawo. Choncho msana umene tiukambe kwambiri lerowu unayamba kusenza katundu kalekale.

Mu 1984 anakwatiwa ndi bambo Stanford Katsekera, mlangizi wa ulimi wochokera ku Ntcheu, amene boma linawatumiza kusikimu ya mpunga ya kuno ku Hara. Chaka chomwecho analowa m'chigwirizano cha amayi kumpingo kwawo, navekedwa bulauzi yoyera ndi duku. Amene anavekedwa nawo tsiku limodzi anali mayi Hilda Mhango, oyandikana nawo munda. Awiriwa unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Ankawokerana mpunga, ankadikirirana pobereka, ndipo bambo Katsekera atamwalira mu 2007, amene anagona pambali pa malemu masiku onse a maliro anali mayi Hildawo.

Mu 2010, pofuna kuti ana amalize sukulu, malemu anakalowa ntchito yochapa zovala kumgodi wa ku Kayelekera. Anapitako msana utatha kale ndi zaka za kuwerama m'matope. Ankayenda chopindika, ndipo kuti anyamule beseni ankayamba aluma mano. Kumeneko kunali mayi wina wochokera ku India, dzina lawo mayi Sheila, wogwira ntchito mulabotale. Iwowa atawaona akuyenda chotero anawauza kuti abwere ndi mkeka m'mawa, ndipo anayamba kuwaphunzitsa yoga: kuwongola thupi pang'onopang'ono, kupuma mosathamanga, ndi kukhala phee maganizo ali pamodzi. Ife titamva tinaseka mpaka misozi. Munthu wa zidzukulu n'kumaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa m'dambo! Koma atabwera patchuthi akuyenda chilili, beseni lili pamutu, kuseka kwathu kunachepa.

Mayi Sheila anawafotokozeranso zimene makolo a kwawo amaphunzitsa, kuti motsatira msana wa munthu muli malo asanu ndi awiri modutsa mphamvu ya m'thupi. Kwawoko amawatcha chakra, ndiye kuti gudumu, koma lilime la alongo anga linkati machakira. Loyamba lili pansi penipeni pa msana, lina kumunsi kwa mchombo, lina pamwamba pake, kenaka pachifuwa, pakhosi, pakati pa nsidze, ndipo lomaliza paliwombo. Malemu sanazimve zimenezi mwa m'mabuku, anazimva ngati mlimi wa ku Hara. Ankati mphamvu ija ili ngati madzi m'ngalande, machakira ndiwo mageti ake, ndipo yoga ndi kulambula ngalandeyo. Geti limodzi likatsekeka ndi udzu ndi matope, minda yonse ya kutsogolo imauma. Ankati kugwada ndi kuwerama kumalambula mageti a kumunsi, kutambasula manja chifuwa chili patsogolo kumalambula la pachifuwa, ndipo kupuma modekha ndiko kukankha madziwo.

Ndinene pano, anthu onse akumva. Malemu ankanena okha kuti mageti amenewa dokotala sangawaone ngakhale atang'amba munthu, ndi njira yongothandiza munthu kumvetsera thupi lake. Sanauzepo wodwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala. Ndipo sanayalepo mkeka asanayambe ndi pemphero la Atate Wathu.

Mu 2014 ntchito ya kumgodi itatha, anabwerera kuno ku Hara. Amayi anzawo ataona mmene akuyendera anayamba kufunsa. Woyamba kufika anali mayi Hilda, amene nthawi imeneyo ankagona chokhala chifukwa cha msana, ndipo podzuka ankachita kukokedwa dzanja. Pasanathe miyezi yambiri anali akusenzanso thumba la mpunga. Amayi ena anatsatira, ndipo mbandakucha uliwonse, asanatsikire kumunda, mikeka inkayalidwa pabwalo loyanikira mpunga la malemu. Pa zonsezi sanalandirepo ngakhale mbale ya mpunga.

Tsopano mumvetsere bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Masiku oyamba amayiwo ankayang'ana kumapiri, kumadzulo. Koma msewu wopita kusikimu uli kum'mawa kwa bwalolo, ndipo m'mawa mumadutsa abambo ndi makasu awo. Mmodzi mwa iwo anali apongozi aamuna a mayi Hilda. Inu nonse mukudziwa mwambo wa kuno, ndipo ndikhulupirira kuti ndi ku Ntcheu komwe: mkazi sawerama ataloza mbuyo kwa apongozi ake. Mayi Hilda ndiwo anadandaula kuti akufa ndi manyazi, napempha kuti mikeka itembenuzidwe. Malemu anaseka, nati tembenukani amayi, tisawachititse akuluakulu kuyenda chotsinzina. Kuyambira tsiku limenelo ankayang'ana kumsewu. Kuti kuseri kwa msewuwo ndi kumene kumatulukira dzuwa, limenelo si vuto la alongo anga, analiika kumeneko ndi Mulungu.

Mu 2019 mkulu wina wa mpingo, wobwera kumene m'dera lino, anadutsa mumsewu uja m'mamawa. Anaona amayi atagwada, manja m'mwamba, kenaka zipumi pansi, dzuwa likutuluka patsogolo pawo. Sanafunse kanthu. Sabata isanathe, mudzi wonse unali utamva kuti anyaKondowe anabwera ndi mizimu isanu ndi iwiri kuchokera kumgodi, akuilowetsa m'misana ya amayi, ndipo akuwagwaditsira dzuwa. Pa 16 Novembala chaka chimenecho malemu anaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo pamodzi ndi amayi onse a pamikeka.

Malemu anapita opanda mantha, atavala bulauzi yawo yoyera. Atafunsidwa chifukwa choyang'anira kum'mawa, anafotokoza za msewu ndi za apongozi, ndipo anatembenukira kwa mnzawo akumwetulira, podziwa kuti mwini nkhani ali pomwepo. Mayi Hilda anaimirira. Ananena kuti za msewuzo sakuzikumbukira, koma kuti anyaKondowe ndiwo anawalamula kuyang'ana kum'mawa kuti machakira azimwa dzuwa. Akulu a mpingo anafunsa ngati pali wina wotsutsa. Amayi onse aja, amene anafika pabwalo la malemu akukwawa nabwerera akuyenda, anazyolika. Ngati anali mantha, ngati unali mpando wa chigwirizano umene chisankho chake chinali pafupi, akudziwa ndi eni ake. Ife chimene tikudziwa n'chakuti mpandowo mwezi wotsatira unapita kwa mayi Hilda.

Malemu anadulidwa mumpingo, nalamulidwa kubweza bulauzi ndi duku. Anazichapa, anazisita ndi manja awo aja ankachapa zovala kumgodi, nakazipereka okha. Titawauza kuti mipingo ndi yambiri, akalowe wina, anakana. Lamulungu lililonse ankapitabe, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ankalakalaka, ndipo ankachinena mosabisa: kuti tsiku lawo likadzafika, bulauzi ija idzayalidwe pabokosi, amayi anzawo adzawaperekeze ndi nyimbo monga iwo anaperekezera ambiri.

Zimene zinachitika pambuyo pake n'zimene zimandiwawa koposa. Msana sudziwa chigamulo cha akulu a mpingo. Nyengo yowokera itafika, amayi ena anayambanso kubwera, koma modzera m'nthochi kuseri kwa nyumba, mkeka utabisidwa m'chitenje. Akakumana nawo pamsika ankayang'ana kumbali. Malemu ankawalandirabe, n'kuwawongola misana m'chipinda, chitseko chili chotseka. Ine ndinkapsa mtima, ndinkati apirikitseni. Iwo ankangoti wodwala sapirikitsidwa. Koma tsiku lina, tili awiri pakhonde, anagwira pachifuwa nandiuza kuti mageti onse amatha kuwalambula, koma ili lokha lawakanika kuyambira tsiku la bwalo lija.

Mu 2023 anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Madokotala ku Karonga, kenaka ku Mzuzu, anapeza kuti mtima wakula. Mankhwala ankamwa mokhulupirika, ndipo akabanika ankadzikhazika mtima pansi ndi kapumidwe kawo kaja, anamwino mpaka kumadabwa. Koma kunja kuno kunali ena onena kuti mizimu ija yayamba kuwadya mwini wake.

Mu Okutobala 2024, ataona kuti mphamvu zikutha, anatuma mwana wawo Chikondwero kwa akulu a mpingo kukapempha kuti abwezeretsedwe. Yankho linali lakuti n'zotheka, bola aimirire pamaso pa mpingo avomere kuti ankapembedza dzuwa, kapena papezeke mboni yotsimikiza nkhani ya msewu. Malemu anati sangakaname m'nyumba ya Mulungu kuti apatsidwe nsalu. Ndiye anatuma mpongozi wawo, mayi Febby, kwa mayi Hilda. Sanapemphe chipepeso. Anangopempha kuti mnzawoyo akanene kwa akulu a mpingo amene anatembenuza mikeka. Mayi Hilda anayankha kuti abwera.

Kuyambira pamenepo malemu ankafuna kuti chitseko chizikhala chotsegula, ndipo pambali pa bedi pazikhala mpando. Akamva mapazi panja ankadzutsa mutu. Khirisimasi inadutsa, mpunga unawokeredwa, mpando uja unangokhala. Munda wa mayi Hilda uli pompano, munthu atafuula angamve. Alongo anga anatisiya pa 3 Malichi 2025, kunyumba kwawo, m'manja mwa mayi Febby. Mawu awo omaliza anali kufunsa ngati kwabwera munthu.

Ndikudziwa kuti pamaliro sitiweruzirapo milandu, ndipo ena andinong'oneza kuti ndimeyi ndiidumphe. Koma mlandu suwola, ndipo ine ndauzidwa kuwerenga mbiri, osati theka la mbiri. Tapwetekedwa, abale anga. Mlendo akakunamizira umangopukusa mutu, koma apa ndi munthu amene ankadya nawo mbale imodzi.

Malemu asiya ana atatu, Chikondwero, Mayamiko ndi Khumbize, zidzukulu zisanu, ndi ife alongo awo awiri. Asiyanso mkeka wothetheka pakati, umene mukuuona pabokosipo pamalo pamene pakanakhala bulauzi yoyera.

Banja likuthokoza mafumu potipatsa malo, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, ndi alamu athu a ku Ntcheu amene ayenda ulendo wautali. Likuthokoza mwapadera mayi Febby, amene anawasambitsa ndi kuwatembenuza osatopa. Likuthokoza alimi a kusikimu amene asiya madzi m'minda kudzanyamula bokosi ili, ndi ana a sukulu amene atiimbira pamene oyenera kuimba anati malamulo sakuwalola. Tikuthokozanso amayi a chigwirizano, pamodzi ndi mayi Hilda, chifukwa lero mwabwera, ndipo mwadzera kumsewu, osati m'nthochi. Mwakhala pansi kuyambira m'mawa, ndipo tikuona kuti misana yanu ili chilili, palibe watsamira mnzake. Yewo chomene, mwationetsa ntchito ya manja a malemu.

Pomaliza, tikanyamuka pano tipita kumanda a mudzi uno. Okumba manda akumba monga amakumbira nthawi zonse, ndipo alongo anga tiwagoneka monga agonera Akhristu onse kumeneko, madikoni, akulu a mpingo, ndi apongozi aja ankadutsa mumsewu: nkhope kuyang'ana kum'mawa, kudikira tsiku la kuuka. Ngati alipo amene akuona cholakwa, aimirire tsopano tisanakwirire, anene.

Palibe.

Pitani bwino anyaKondowe, mayi wathu wachiwiri. Kumene mwapitako safunsa mboni, chifukwa Mwini wake analipo tsiku limene mikeka inatembenuzidwa. Geti lija la pachifuwa alambule ndi Iye, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.