Kapitawo Amene Anasiya Kukuwa

Pa siteji ya basi m'mawa, kondakitala ankakalipira anthu kuti aime bwino, mpaka mzere umodzi unasanduka itatu. Bambo wina wovala jekete anatembenukira mayi amene anali pambuyo pake.

"Mukuona, mayi? Akanangokhala chete, bwenzi tonse titakwera kale. Anzeru a Chitao amati wolamulira wabwino sachulutsa malamulo. Anthu amangoona zinthu zikuyenda."

"Achitawo ndi a mpingo uti?"

"Ndi nzeru zakale za ku China. Ine ndinaziyesa. Ndinali kapitawo pa fakitale ya mipando, ndinkayang'anira anthu makumi awiri."

"Ndiye munatani?"

"Ndinasiya kukuwa. Belu ndinachotsa, misonkhano ya m'mawa ndinathetsa. Ndinkangokhala pakona n'kumamwa tiyi."

"Basi anakuberani misomali yonse."

"Ayi ndithu! Mipando inayamba kutuluka yosagwedera. Akalipentala awiri amene sankalankhulana anayamba kubwerekana macheka."

"Koma ndiye! Amuna anga akanamva zimenezi, bwenzi ana akupumako kunyumba. Ndiye mabwana anakukwezani?"

"Anabwera kudzaona chinsinsi chake. Anafunsa antchito kuti, 'Kapitawo wanu ndi uti?' Onse anangoyang'anana. Wina n'kuti, 'Kodi tili naye?'"

"Mayo ine!"

"Ndinasangalala mpaka misozi, mayi. Utsogoleri ukafika pamenepo ndiye kuti wapsa."

"Ndiye pano mukupita kuntchito komweko?"

"Ayi, ndikukafuna ina."

"Mukakaipeza, bambo, muzikuwako pang'ono Lolemba lililonse."