Bokosi limene ndinabwerera nalo

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu Lachisanu lino. Amene mwachokera kushifiti osagona, pepani, sinditalikitsa. Ine ndine Lameki, dalaivala wa pabanja lina ku Al Hilal. Mumandidziwa ngati munthu wa nthabwala. Lero nthabwala ndazisiya ku akomodeshoni komwe ndimagona.

Ndisanabwere kuno ku Doha ndinali dalaivala wa phungu wa kwathu. Dera lathu, abale, mbiri yake sitiikumbukira ndi misewu kapena milatho. Timaikumbukira ndi mabokosi a maliro. Nthawi ya chipani chimodzi phungu ankabwera kamodzi pachaka, anthu n'kumuvinira, basi. Zipani zitachuluka anapambana mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndipo iyeyo ndiye anayambitsa zogulira anamfedwa mabokosi. Anadzamugwetsa munthu wa mathiraki, poti mabokosi ake anali opaka vanishi. Wa mathirakiyo ndiye anali bwana wanga, ndipo wonyamula mabokosiwo pa pikapu ndinali ine.

Ulendo wachitatu chisankho chinavuta. Midzi ya kutsidya kwa mtsinje inatembenukira kwa mayi wina woima payekha. Bwana anaika lamulo: kutsidyako bokosi lisatsike mpaka apabanja onse apereke ziphaso zawo zovotera. Ankafuna kuti asavote.

Tsiku lina ndinapita kutsidya. Anamwalira mwamuna wa mayi Nambewe, mayi wa kwaya, wamsinkhu wa amayi anga. Ndinaimika pikapu pasiwa, anthu akuona. Ndinanena za ziphaso zija. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, amuna anga ndawataya kale. Ndipereke ndi mawu anga omwe?"

Abale, ndinaliza galimoto. Ndinabwerera nalo bokosi. Msewu wa kumeneko ndi wa mabampu, ndiye njira yonse linkatsetsereka kumbuyo n'kumagunda. Gu. Gu. Ngodya imodzi inabenthuka. Bambo aja anaikidwa mumphasa.

Patapita masiku anayi bambo anga ondibereka anagwa kumunda, osadzukanso. Ndinaimbira bwana. Anati, "Bokosi lili kale pagalimotopo, tenga lomwelo." Ndinatenga lomwelo. Bambo anga anagona m'bokosi limene ndinamana wina, ndipo sindinauze munthu.

Bwana anagwa pachisankhocho, ntchito inatha, ndinapeza kontirakiti ya kuno. Ndinati zakale zatsala ku eyapoti.

Mukuwadziwa masana a kuno nthawi yotentha. Dzuwa lili pamutu, mumsewu mulibe munthu, mageti onse otseka, ngakhale mphaka osaoneka. Tsiku lina nthawi ngati imeneyo ndinkapita kukatenga ana a madamu, abwana anga a kuno, kusukulu. Ndinali ndekha, kumbuyo kulibe katundu. Nditakhota pa raundabauti ndinamva chinthu cholemera chikutsetsereka. Gu. Ndinaima, ndinatsegula kumbuyo. Kunalibe kanthu. Koma fungo la vanishi linali thoo m'galimoto monse.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Usiku ndinkagona bwinobwino, chinthucho chinkabwera masana okhaokha, nthawi imene ndinachoka pasiwa paja. Ndinapita nayo kugalaja galimotoyo. Makaniko anati, "Mafi mushkila," palibe vuto. Ndinasiya kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo, chifukwa ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzaona ngodya yobenthuka ija. Ndinaonda. Anzanga ankati ndikusowa akazi anga, ine n'kumaseka nawo.

Tsiku loipa kwambiri tinali ku Al Sadd, madamu ndi ana awiri ali m'galimoto. Linagunda kuseri kwenikweni kwa mpando wanga, mpaka ndinalimva mumsana. Ndinaponda buleki pakati pa msewu. Basi ya kumbuyo inatsala pang'ono kutipsopsona. Ana analira. Madamu sanamve kugunda kulikonse. Anangoti, "Ukabwerezanso, khalasi, ntchito yatha, tikiti yako ya kwanu."

Ana a eni ake ndikanawapha, abale. Ndinaopa. Ndinaopa kwambiri.

Lachisanu lotsatira ndinawaululira bambo Chirwa, mkulu wathu akhala apowa, amene amalondera ku Al Markhiya. Ndinapempha kuti andipempherere chiwanda chichoke. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Kupemphera tipemphera, achimwene. Koma mayi ajawo munawapepesa?"

Kumudzi, mlongo wanga anakwera njinga mpaka kutsidya ndi foni yake kuti ndilankhule nawo mayiwo. Mawu a mayi Nambewe anali atakalamba, koma ndinawazindikira. Ndinagwada pa matailosi ngati akundiona. Ndinati, "Mayi, ndine Lameki, uja wa pikapu. Ndinakulakwirani. Ndipo pali china chimene simukuchidziwa, bokosi lija..."

Anandidula. "Ndikuchidziwa. Pamaliro a bambo ako kwaya yathu inabwera. Ndinaima pafupi, ndinaliona lobenthuka pangodya, ndipo ndinadziwa kuti ndi lomwe lija."

Ndinati, "Ndiye munatani, mayi?"

Anati, "Ndinaimba. Bambo ako sanandilakwire kanthu." Kenako anati, "Ine ndinakukhululukira pamanda pomwepo. Mpaka lero ukuyenda nalobe? Litsitse, mwana wanga. Aliyense anagona kale pamalo pake."

Abale ndi alongo, ndinalira ngati si ine bambo wa ana atatu.

Kuchokera tsiku limenelo sindinamvenso kugunda. Sindikudziwa kuti chinali chiyani, ndipo sindinama kuti ndikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu anandisungira chikhululukiro zaka zonsezi m'kamwa mwa mayi wamasiye, ine ndikuthawa osakachitenga.

Pano ndikuyendetsabe galimoto yomwe ija. Ana a madamu amagona m'njira, saopanso. Dera lathu analidula pakati, kutsidya kuli phungu wakewake, ndipo ndamva kuti mabokosi akuyendabe mbali zonse ziwiri. Amene mudzabwerere kumudzi nthawi ya kampeni, wina akadzakupatsani makiyi a pikapu yotero, mudzakumbukire Lameki. Munthu akulira, tsitsani bokosi, musafunse chiphaso.

Zikomo bambo Chirwa, zikomo nonse pondimvetsera. Ambuye alandire ulemu. Ameni.