Munda wa a Wilfred umene abale sitinauone

Chilape, inu nonse mwakhala apa. Musayankhe kuti nachize, pano ndi pamaliro ndipo abusa akutiyang'ana. Mlimi walima zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri osakolola ngakhale chitsononkho, koma odyerera munda wakewo ndi mzinda wonse. Ndani ameneyo? Musavutike mitu, ndi awa agona m'bokosi awa.

Zikomo mafumu, zikomo abusa, zikomo anamfedwa anzanga.

Malemu a Wilfred Kathewera anabadwa pa 14 Malichi 1962 konkuno ku Biriwiri, m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri mwa ana asanu ndi mmodzi a achimwene anga, malemu a Julius. Msana wangawu ukuwadziwa, anali olemera ngati thumba la kachewere. Anzawo akamakumba mbewa, iwo ankazula timitengo kuphiri n'kumaika m'zitini kuseri kwa nkhokwe. Ife tinkati akakula adzasiya. Sanasiye.

Anayamba sukulu mu 1969, ndipo mu 1979 anasankhidwa kupita kusekondale kuboma. Analekera Folomu 2 bambo awo atamwalira. Mu 1985 anapita kumzinda, kumene khonsolo inawalemba ntchito yothirira mbande kunazale.

Mu 1988 anamanga banja ndi mayi Christobel a ku Mlangeni. Amuna ena amafunsira ndi sopo ndi chitenje, awa anapita kwa apongozi ndi mbande ya peyala. Apongoziwo anang'ung'udza chaka chathunthu, koma mapeyala ake akudya mpaka lero.

Mu 1995 anawakweza kukhala kapitawo wa mapaki onse a mumzindamo. Udindo unakula, thumba la ntchitoyo silinakule. Chaka ndi chaka ankawauza kuti ayambe adikira, poti misewu, zinyalala ndi misika zili patsogolo, maluwa ali kumchira. Makina otchetchera udzu atafa, a Wilfred anagawa zikwakwa, chimodzi n'kutenga okha. Galimoto ya madzi itagona pamiyala, anakumba chitsime m'mbali mwa mtsinje n'kumathirira ndi makheni, kapitawo wathunthu buluku atapinda. Akatungwe a ana anawapanga ndi matayala otha. Mabenchi anakhoma ndi matabwa otola.

Feteleza kunalibe. Ndiye ankabwera kuno ndi matumba kudzawola ndowe m'khola mwathu. Ana a anzathu akachoka kutauni amabwera ndi shuga, wathu ankabwera chimanjamanja n'kubwerera ndi ndowe pamwamba pa basi. Tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Woyambitsa nyimbo anali msuweni wawo a Dyton, aja amagula mbatata ku Tsangano n'kukagulitsa kutauni, aja amati dothi analigwira komaliza ali mu Sitandade 4. Ndi amene anawapatsa dzina loti galadeni boyi wa boma. Dzinalo linamera, ndipo wolithirira kwambiri ndinali ine.

A Wilfred sankabweza. Ankangoti tsiku lina tipite tikaone paki yaikulu ija, tikakhale pamthunzi wa mibawa imene anabzala. Anatiitana mu 1996. Anatiitana pamene mwana wawo woyamba ankakwatiwa. Ankatiitana Khirisimasi iliyonse. Ife kutauniko tinkapita ndithu, kuchipatala, kumsika, ngakhale kukaonerera mpira, koma tinkati munthu wochokera ku Biriwiri angakwere basi kukaona mitengo? Palibe mbale ndi mmodzi yemwe wa kuno amene anapondako.

Vuto lina linali akuba. Anthu ankaboola mpanda wa maluwa kuseri kwa nazale ya m'paki yaikuluyo, n'kuthyola maluwa kukagulitsa kumaukwati ndi kumaliro. Anapempha waya, kunalibe. Anapempha mlonda, kunalibe. Mu 2011 anabwera kuno, anakwera phiri lija, natsika ndi kathumba komanga kawiri. Nditafunsa anangoti ndi mlonda wosalandira malipiro. Sindinafunsenso, ndinkati ndi misala yawo ija.

Anapuma pantchito mu Malichi 2022, koma anthu awo akuti m'mawa uliwonse ankawapeza ali kale pachitsime. Mu Juni chaka chino cha 2023 anagwa pomwepo kheni ili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinapita kukawazonda mu Julayi. Pakamwa panali patapotoka, koma mawu ndinawamva bwinobwino.

"Azakhali, popita kudepoti mudzere kupaki. Si patali. Mukangoona, mudzandiuze."

Ndinawayankha kuti miyendo ikupweteka, ndidzadzera ulendo wina. Miyendo yomweyo inazungulira msika wa kaunjika mpaka dzuwa kupendeka. Ulendo winawo ndi uno tikuwaperekeza lerowu. A Wilfred anatisiya pa 9 Ogasiti, ali ndi zaka 61.

Dzulo kwabwera lole yodzaza anthu amene ife sitikuwadziwa: otchetcha udzu, ojambula zithunzi za maukwati, amayi ogulitsa nthochi pageti. Akhala akutifotokozera za munda wa mwana wathu ngati alendo ndife. Akuti ana amene anasewera pa akatungwe aja lero akubweretsako ana awo. Akuti wosowa kolowera mumzinda amakakhala pamthunzi paja popanda womufunsa tikiti. Ife timangogwedeza mitu ngati tikudziwa. Manyazi ake ndi amenewo, ndipo sachoka ndi sopo.

Koma ndisaname pamaso pa abusa. Ndati palibe mbale anapondako. Alipo mmodzi, wapondako dzana.

Nonse mwaiona nkhata yaikulu ili apoyo, yonga tayala la thirakitala. Abwera nayo ndi a Dyton. Kuyambira dzulo auza aliyense, ngakhale ogontha, kuti anaigula kusitolo ya azungu, kuti maluwa ake amabwera pandege, ndipo kuti kuno kulibe wina angaikwanitse. Mwaonanso kuti chifikireni a Dyton sanakhale pansi. Akukanda m'khosi, akukanda m'mikono, akudzikhula kumtengo ngati ng'ombe ya nkhupakupa. Iwo akuti ndi nsabwe za m'minibasi.

M'mawa uno a Maynard, amene analowa m'malo mwa malemu, anaiyang'ana nkhatayo, anawayang'ana a Dyton, kenaka anadzandinong'oneza. Akuti maluwawo akuwadziwa ngati ana awo, ndi a kunazale, ndipo dzana apeza bedi lonse la maluwa lili mbee. Akutinso m'kathumba ka 2011 muja munali nthanga za chitedze. A Wilfred anachibzala pamene akuba amaboolera pokha, kutali ndi kosewera ana, ndipo mwezi uno ndi umene chimakhwima.

A Dyton, musabisale kuseri kwa akwaya, tikukuonani mapewa akuvina. Sekani ndithu anthuni, abusa ayamba kale. Galadeni boyi uja wagwira wakuba ali m'bokosi. Nkhatayo tiika ndithu, ndipo ikhala pamwamba pa zonse, chifukwa ndi maluwa a manja awo. Ife tinakana kupita kumunda, munda wabwera wokha.

Malemu asiya mayi Christobel, ana anayi, Maness, Cedric, Lufina ndi Mtendere, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mitengo imene palibe anaiwerenga. Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi a mvano, akwaya, achipatala, ndi a khonsolo potithandiza galimoto. A Maynard, lole ija pobwerera mundisungire malo kutsogolo, pali munda umene ndinatumidwa kukaona. A Dyton muwapatse kumbuyo, kumphepo.

A Wilfred mwana wa achimwene, mwathirira mokwanira. Tulani kheni, gonani pamthunzi. Mzimu wanu uuse mumtendere.