Bambo Sakiusa Ravonu, Mlaliki Amene Ankalalikira Akunjenjemera

Abusa, mafumu, akuluakulu a mpingo ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, a kubanja andipempha ine Ilaitia, mwana wa mlongo wawo wa malemu, kuti ndikuwerengereni mbiri ya amalume athu.

Malemu Bambo Sakiusa Ravonu anabadwa pa 9 Ogasiti 1948 m'mudzi uno wa Navutolu, pachilumba chathu cha Kadavu. Anali achiwiri kubadwa m'banja la Bambo Epeli ndi Mayi Unaisi. Sukulu anayamba mu 1955, koma analekezera mu kalasi yachinayi bambo awo atadwala chifuwa chachikulu. Kuyambira pamenepo ankalima dalo, mbewu ya mizu yodyedwa ngati chinangwa, kupha nsomba ndi kuumitsa kokonati kuti azibale awo asagone ndi njala. Anali mwana wamanyazi zedi. Mlendo akangotulukira, iwo ankazembera kuseri kwa nyumba, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Nkhanu.

Pa 14 Disembala 1972 anamanga banja ndi Mayi Mereoni. Mayiwa amatiuza kuti malemu sanatsegule pakamwa n'kuwafunsira. Ankangobwera ndi nsomba, n'kukhala phee pamkeka, mpaka mayi anatopa n'kufunsa okha kuti, "Kodi achimwene, nsomba zimenezi zikuti chiyani?"

Mu 1979 mphepo yamkuntho inagwetsa tchalitchi chathu ndi nyumba zambiri. Chaka chomwecho vakatawa wathu, mlaliki amene ankasamalira mpingo pamudzi pano, anapuma chifukwa cha ukalamba. Abusa Tevita, amene ankayendera midzi ya mbali ino, anaona kuti Bambo Sakiusa ndiwo ankafolera nyumba za amasiye ndi kukhala pambali pa odwala popanda wowatuma. Mpingo utawasankha kuti akhale vakatawa watsopano, malemu anagwa nkhope. Anati, "Abusa, mwasokera nyumba. Ine powerenga ndimachita kulondola ndi chala." Abusawo anangoyankha kuti, "Chala chomwecho mubwere nacho."

Mu 1981 anapita kusukulu ya mpingo ku Nausori. Kumeneko anakhala pakati pa anyamata ophunzira bwino, iwo ali bambo wa ana atatu, ndipo mayeso oyamba analephera. Anabwerera kuno mtima utasweka. Ankalawirira kumunda n'kubwerako anthu atalowa m'nyumba, poopa kufunsidwa. Mumtima mwawo anali atatsimikiza kuti Mulungu waona yekha kuti anasankha molakwika. Tsiku lina Mayi Mereoni anawatsatira kumundako ndi chakudya, n'kuwauza kuti, "Bambo a Salanieta, Mulungu akanafuna munthu wodziwa zonse, akanamusowa mumzinda waukulu wa Suva monse muja? Anakuitanani akukudziwani bwinobwino. Idyani, boti likunyamuka Lachinayi." Malemu anabwerera kusukulu, ndipo mu Novembala 1983 analandira udindo wa vakatawa.

Tisakunamizeni kuti mantha anawathera pomwepo. Lamulungu lililonse m'mawa sankadya kanthu. Ng'oma ya tchalitchi ikalira, manja awo ankayamba kunjenjemera. Ana awo amakumbukira kuti asanatuluke ankaima pakhomo, n'kuweramitsa mutu, n'kunena chapansipansi kuti, "Ambuye, ine ndafika. Zotsalazo ndi zanu." Ulaliki wawo unali waufupi ndi wosavuta, moti ngakhale ana ankaubwereza kunyumba.

Ambiri a inu mukukumbukira za mu Epulo 1993. Boti la Bambo Josaia linagubuduzika polowa padoko, ndipo mtsikana wathu Salote anamira. Mbiri inamveka yoti botilo linanyamula katundu wopyola muyezo. Manasa, mchimwene wake wa Salote, amene tili naye pano ndipo wandilola kuti ndinene zimenezi, anatenga chikwanje ndi anzake kulunjika kwa Bambo Josaia. Nyanja inali itakalipa, abusa sakanatha kuwoloka, ndipo mfumu inali ku Suva. Amayi a m'mudzi anathamangira kwa malemu. Iwo anayamba afunsa ngati panalibe wina woti apite, koma ataona kuti palibe, anapita n'kukakhala pansi pakhomo penipeni pa nyumba ya Bambo Josaia.

Manasa anakuwa kuti, "Chokanipo apa, a Nkhanu inu!" Malemu, thukuta lili chuchuchu, anayankha kuti, "Mwananga, ngakhale nditafuna kuchoka, miyendoyi yakana. Ndikukuopa kuposa mmene akukuopera amene ali m'nyumbamu. Koma amene wandikhazika pano sanandiuze kuti ndinyamuke." Kenaka anayamba kumutchula Salote, mmene ankaimbira m'kwaya ndi mmene ankamuperekezera Manasa kusukulu ali wamng'ono. Manasa anaponya chikwanje pansi, nagwera pamiyendo pawo akulira. Maliro atatha, malemu ndiwo anatsogolera banja la Bambo Josaia, dzino la namgumi lili m'manja monga mwa mwambo wathu, kukapepesa kwa makolo a Salote, ndipo mabanja awiriwo anamwera limodzi yakona, chakumwa chathu cha mwambo, posonyeza kuti agwirizana. Anthu akawayamikira pa nkhaniyi, ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Ine ndinangokhala pansi basi."

Anatumikira mpingo uno mpaka mu 2014, pamene maso anayamba kuwavuta. Ngakhale atapuma, achinyamata ambiri oyamba kumene kulalikira ankabwera kwa iwo, chifukwa ankadziwa kuti kumeneko akhoza kunena za mantha awo popanda kusekedwa.

Mu Okutobala 2023 anayamba kudwala mtima. Anagonekedwa kangapo kuchipatala cha ku Vunisea, kumene anamwalirira pa 2 Juni 2024, Mayi Mereoni atawagwira dzanja. Asiya mayi athuwa, ana asanu, omwe ndi Salanieta, Viliame, Ateca, Inoke ndi Loata, zidzukulu khumi ndi zinayi, komanso mlongo wawo mmodzi, amene ndi mayi anga.

A kubanja akuthokoza madokotala ndi anamwino chifukwa cha chisamaliro chawo. Akuthokoza anyamata amene anakatenga thupi pa boti ndi amene akumba manda, amayi amene abweretsa mikeka ndi kuphikira alendo, a kwaya, komanso abale a mipingo ina amene mwabwera kudzalira nafe. Koposa zonse tikuthokoza Mulungu, amene anatibwereka bambo ameneyu zaka zonsezi.

Pomaliza, pali uthenga umene malemu anasiyira ana awo ali m'chipatala. Viliame atawafunsa zoti adzalembe pamwala wa pamanda, iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Musakalembe kuti ndinali wolimba mtima, anthu a kumudzi angakusekeni. Mukangolemba kuti Mulungu anandinyamula." Ife tidzalemba zomwezo.

Pitani bwino, amalume. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye amene munawadalira.