Chifuwa cha Abambo a Jekete

Wophika wa a Nedson atapita ku maliro ku Dowa, iwo anapempha mlamu wawo, a Jemima, kuti adzagwire chiwaya pa kalesitilanti kawo ka tchipisi ndi nkhuku pa Nsungwi. A Jemima anagwirapo ntchito yosamalira odwala pa kachipatala kena kwa zaka zambiri, ndipo masana amenewo madalaivala ndi makondakitala a minibasi anali atadzaza kale pakhomo.

"Alamu, ine ndizitchula mwachidule pawindopa, inu muzingopakula," anatero a Nedson. "M'tauni amatero. Tiyeni. Abambo a jekete, chifuwa."

A Jemima anasuzumira pawindo. "Chayamba liti?"

"Chiyani?"

"Chifuwacho. Ngati chakhalitsa, akayezetse makhololo."

"Aaa, alamu, anthu akudya pano. Chifuwa cha nkhuku."

"Ndiye muzinena kuti cha nkhuku."

"Nthawi palibe. Mawu ambiri amachedwetsa mzere. Amayi a chitenje chofiira, mwendo."

"Wamanja kapena wamanzere?"

"Uliwonse."

"Uliwonse bwanji? Munthu amadziwa mwendo umene ukupweteka." A Jemima anatulutsa mutu pawindo. "Mayi, khalani pabenchipo, muuwongole."

Mayi aja anayang'ana miyendo yawo, kenako anayang'ana a Nedson, n'kukhala pansi mwakachetechete.

"Alamu, aliyense amene mukumuona apayu wabwera kudzadya," anatero a Nedson, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Palibe wodwala."

"Mwawafunsa?"

"Sindifunsa. Kondakitala uyo, chiwindi."

"Iii, munthu wooneka bwinobwino chonchi? Ameneyo ndi kachasu."

Kondakitala uja anabweza chikwama m'thumba, nawoloka msewu. Dalaivala wake anamutsatira, ndipo enanso awiri anayamba kuyang'ana komweko.

"Mwaona? Apita kukadya kulesitilanti ya Misheck. Anthu amenewa amadya pano tsiku lililonse. Akakazolowera uko, basi, ine nditseke."

"Achita bwino. Mafuta sagwirizana ndi chiwindi."

"Alamu, tchipisi chikupserera."

"Chikudikira inu. Mungowonjezera timawu tiwiri tokha: cha nkhuku."

"Sindiwonjezera kanthu. Wophika wanga amamva."

"Wophika wanu ali ku Dowa."

A Nedson anatsamira pawindo, natsitsa mawu. "Tamverani. Chilichonse chimene ndingatchule, kaya chifuwa, kaya khosi, kaya mwendo, ndi chakudya. Inu muike m'mbale, tchipisi pambali, mutulutse."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

"Osafunsa?"

"Funso ndi limodzi basi: tsabola kapena ayi."

"Nanga munthu akakhala kuti akudwaladi?"

"Si nkhani yanu. Kuno si kuchipatala."

"Chabwino. Mwanena nokha."

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. A Nedson ankati khosi, khosi linkatuluka. Ankati mapiko, mapiko ankatuluka, otentha, kabichi pambali. Amayi a chitenje chofiira analandira mwendo wawo ali pabenchi pomwepo. Mzere unafupika, ndipo a Nedson anayamba kuyimba kamluzu moyang'ana kwa Misheck.

"Mwaona, alamu? Mwachidule. M'tauni amatero."

"Tsabola kapena ayi?"

"Sindinatchule kanthu."

"Ndimangokonzekera."

Zakumwa zozizira zitatha mufiriji, a Nedson ananyamula kireti yodzaza kuchokera pakona. Atangoyenda pang'ono anaponda khungu la mbatatesi, naterereka, kireti ija n'kuwagwera pamsongolo. Anakhala pansi kuseri kwa kauntala, atagwira msongolowo ndi manja onse, akukukuta mano.

"Alamu," anabuula. "Mwendo."

M'khitchini munamveka mafuta akuthetheka.

"Mwendo, alamu. Bwerani nawo msanga... ayi, bwerani inuyo. Mwendo wanga ine."

Pawindo panatulukira mbale ya tchipisi, pamwamba pake ntchafu yonona ya nkhuku ikufuka nthunzi.

"Ndamva kuti ndi wanu, n'chifukwa chake ndasankha waukulu," anatero a Jemima. "Tsabola kapena ayi?"