Kamba wa Ulendo wa Nthanda

Olemekezeka mfumu yathu ya dera lino la Chulu. Olemekezeka mkulu wa maphunziro m'boma la Kasungu. Abusa ndi akulu a mipingo. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Fainala Mwale, pamodzi ndi aphunzitsi anu. Makolo, ndi inu ana athu: ndakulonjerani nonse mwaulemu.

Ndikuthokozani pondiitana, ine wopuma pantchito, kudzatsegula chipinda cha sayansi pasukulu imene ndinaitsogolera tsitsi lisanayere. Pakhoma la chipindachi mukaona zithunzi za pansi pa nyanja yamchere. Anazijambula ndi Nthanda, mwana wamkazi wa a Kalekeni, mtsikana amene anakhalapo pa mabenchi omwewa.

Pansi pa nyanjayo pali matanthwe amoyo otchedwa korali. Ali ndi mnofu, amadya, amakula pang'onopang'ono, ndipo m'mphako zake nsomba zimaswana. Tsono kwabuka nthenda yosenda mnofuwo. Imayamba ngati kabanga koyera, n'kumafalikira kufikira tanthwe lomwe linakula kwa mibadwo litatsala fupa lokhalokha. Zikatero nsomba zimasamuka, mafunde amakumba gombe, ana a msodzi nagona ndi njala. Nthanda amamira ndi mankhwala m'manja, namata m'mphepete mwa bala lililonse kuti nthenda isapitirire.

Mawa ayenera kubwerera kuntchitoyo, koma bambo ake sanamdalitse. Sindikuulula chinsinsi, a Kalekeni akhala akunena okha, kutchalitchi ngakhale pamzere wa makuponi a feteleza: "Aphunzitsi, mwana wanga azimira m'madzi chifukwa cha miyala? Akapanda kuvuuka, mwalawo udzandibwezera mwana?" Musaseke, ana inu! Amenewo ndi mantha a kholo, ndipo tsiku lina mudzawalawa.

A Kalekeni, ndiloleni ndilankhule nanu. Chaka china nthenda inalowa m'nazale yanu ya fodya kudambo. Anzanu a paesiteti anasiya mabedi awo nakasaka mbande kwina. Ine podutsa panjinga ndinakupezani mutagwada, mukuzula mbande zodwala imodziimodzi, mukusamba m'manja ndi sopo musanakhudze bedi lina. Ndinati, "Bambo, bwanji osangozisiya?" Munayankha osadzutsa mutu: "Zamoyo zidakalipo, aphunzitsi." Pambali panu panaima kamtsikana, keni yothirira ili m'manja, maso ali pa zala zanu.

Kamtsikanako ndi Nthanda yemweyu. Sayansi tinamphunzitsa ndife. Kugwada pambali pa chodwala anaphunzira kwa inu. Sindikulonjezani kuti nyanja ilibe ngozi, pakuti pabwalo lino sindinanamepo. Sindinenanso kuti matanthwe onse adzachira. Ndingonena mawu anu omwe: zamoyo zidakalipo.

Ndipo polowa pachipata paja, maso anga okalambawa aona kathumba ka mtedza wokazinga, komangidwa bwino pa keliyala ya njinga yanu. Munthu woletsa ulendo sakazinga kamba.

Chotero riboni iyi sindiidula ndekha. Bwerani, a Kalekeni. Inde, dzerani kunjingako, musafulumire, tikudikirani. Nthanda, nyamuka, mwana wanga, ukachingamire bambo ako. Landira kamba wako ndi manja awiri.

Amayi, nthungululu zanuzo zitsitseni pang'ono, ndimalize ntchito yomwe mwandiitanira.

Tsopano, pamaso pa mfumu yathu ndi pa inu nonse, dzanja langa litagwirizana ndi la mlimi uyu pa sizasi imodzi, ndikulengeza kuti chipinda cha sayansi chino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.